Kusankha ndi Kugwiritsa Nchito Kamota ka DC

Ana a sukulu a m'makalabu a JETS ku Kitwe ndi Ndola amatha kupeza timota ta DC m'mawailesi akale a makaseti, m'ma DVD ndi m'zidole. Cofunika coyamba ndi kudziwa ma volt amene kamotako kamafuna. Ka ma volt 3 kamayenda ndi mabatire awiri a ma volt 1.5, koma kakapatsidwa 12 kamatentha mpaka kupsa. Magetsi a ZESCO ndi a AC, ma volt 230, motero kukalumikiza ku soketi kungaphe munthu.

Kamota kakalemedwa ndi kuima, kamakoka magetsi ambiri, conco kazimitsidwe msanga. Magiya amacepetsa liwiro koma amawonjezera mphamvu yokoka. Kusinthanitsa mawaya ake awiri kumacititsa kuti kazungulire cobwerera.