Chifukwa chiyani chimanga chimafa m'madzi pamene mpunga ukukondwa?

Mvula ikachuluka m'madera a Mfumu Yaikulu Mwambo ndi Kuntumanji, kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa, minda yoyandikana imaonetsa zinthu ziwiri zosiyana. Chimanga chimene chaima m'madzi masiku angapo chimayamba chikasu, kenaka n'kufota, chonsecho madzi ali thothotho m'mizere. Mpunga wa patsidya pake, m'madzi omwewo, uli biriwiri. Alimi a kuno anaziona izi mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, anazionanso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Mwana aliyense wa ku Kachulu akudziwa kuti zimatero. Koma mukamufunsa chifukwa chake, kawirikawiri amangokuyang'anani, ngakhale kuti yankho lake ndi phunziro lomwelo la mizu, tsinde ndi masamba limene amaloweza pokonzekera mayeso a Sitandade 8.

Yankho limayambira pa mfundo imene ambirife sitiiganizira: mizu imapuma. Muzu ndi chinthu chamoyo, ndipo kuti upeze mphamvu yokulira ndi yokokera chakudya m'nthaka umafuna mpweya wa okosijeni usana ndi usiku. M'dothi lolimidwa bwino muli timipata pakati pa timibulu ta dothi, ndipo mpweya umakhala m'menemo. Madzi akasefukira amadzaza timipata tonseto. Okosijeni amayenda m'madzi mochedwa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mumlengalenga, choncho wochepa amene watsala amatha msanga. Mizu ya chimanga imabanika, imasiya kukoka madzi, imayamba kuola. N'chifukwa chake chimanga chimafa ndi ludzu chili m'madzi. Mlimi akathira feteleza m'munda wotere wangotaya ndalama, pakuti muzu wobanika sungadye. Choyamba ndi kutsegula ngalande kuti madzi achoke.

Mpunga unalengedwa mosiyana. Dulani phesi lake mopingasa ndipo muona kuti m'kati ndi mwamphako. M'masamba, m'tsinde mpaka kunsonga ya muzu muli tinjira ta mpweya tolumikizana ngati mapaipi, ndipo mpweya wolowera m'masamba umatsika m'tinjirati kukafika pansi pa matope. Koma mpunga nawo uli ndi polekezera pake. Madzi akaumiza wonse, masamba osaonekera, mitundu yambiri imafa sabata isanathe kapena itangotha. Akatswiri a bungwe la IRRI ku Philippines ndi anzawo a ku America analengeza mu 2006 kuti apeza chibadwa chotchedwa Sub1 mu mpunga wina wamakolo wa ku India, chimene chimauthandiza kupirira pansi pa madzi mpaka masabata awiri. Anachilowetsa m'mitundu ina ya mpunga, ndipo lero alimi ambiri a ku India ndi Bangladesh akuulima.

Chomera chimene chimaphunzitsa bwino nkhaniyi kuposa zonse ndi njedza. Dambo la njedza lozungulira Chilwa ndi lalikulu moti latsala pang'ono kufanana ndi nyanja yeniyeniyo, ndipo asodzi amamangamo zimbowera zawo. Tsamba la njedza mukalifinya ndi zala limabonyoka, chifukwa m'kati mwake ndi tizipinda ta mpweya tokhatokha. Ofufuza anapeza kuti dzuwa likamawomba, mpweya umapanikizika m'masamba anthete, n'kutsikira ku tsinde lokwawa pansi pa matope, n'kukatulukira m'masamba okalamba ndi othyoka. Chomera chopanda mapapo chikupopa mpweya tsiku lonse! Tsinde lapansilo ndi nkhokwenso ya chakudya, ndiye njedza ikapsa ndi moto kapena nyanja ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, imaphukiranso madzi akabwera. Masamba ake akaola amadyetsa tizilombo ting'onoting'ono timene matemba, makumba ndi milamba amadya. Akatswiri a ku Chancellor College anafufuza nyanjayi kwa zaka pafupifupi khumi kuyambira mu 1966, ndipo mmodzi mwa iwo, Clive Howard-Williams, analimbikira kwambiri za dambo la njedzali. Lero Chilwa ali pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar.

Zimandiwawa kuti mwana wokhala pafupi ndi chuma chotere aziphunzira za zomera pa chithunzi cha pabolodi chokha. Mphunzitsi safunika chipangizo chodula. Atenge phesi la kakombo wa m'madzi, alidule mbali zonse ziwiri, mwana aviike mbali imodzi m'kapu ya madzi n'kuuzira inayo: thovu lituluka. Ayesenso ndi phesi la chimanga, aone kusiyana kwake. Zomerazo akathyole ndi akuluakulu, chifukwa m'madzi odekha a m'dambo muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo phesilo alitsuke ndi madzi a pamjigo lisanafike pakamwa.

Funso lina limene ana amalakwa, ngakhalenso makolo awo, ndi lakuti chomera chimadya chiyani. Ambiri amati chimadya dothi. Kalekale munthu wina wa ku dziko limene lero ndi Belgium, Jan Baptist van Helmont, anafuna kutsimikiza. Anadzala kamtengo kolemera makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika wa dothi louma lokwana makilogalamu 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengo unafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti thupi lonse la mtengowo linachokera ku madzi, ndipo anapeza mbali imodzi yokha ya choonadi. Mbali inayo ndi mpweya. Tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolowetsa mpweya wa carbon dioxide. Zobiriwira za m'tsambamo zimagwira kuwala kwa dzuwa, ndipo ndi mphamvu imeneyo tsamba limaphatikiza mpweyawo ndi madzi ochokera ku mizu n'kupanga shuga, kwinaku likutulutsa okosijeni. Ndiyo photosynthesis ya m'buku ija. Shugayo ndi amene amasanduka phesi, muzu, ndi njere za mpunga wa Faya kapena Kilombero zimene zimadzaza thumba. M'nthaka chomera chimatengamo madzi ndi michere yochepa koma yofunika, monga nayitrojeni ndi fosifolasi. Apa mwana amvetsa yekha chifukwa chake mpunga wowokeredwa mothinana, kapena wosiyidwa m'udzu, subereka bwino: masamba akulimbirana dzuwa.

Timabowo tomweto timatayanso madzi. Mangani jumbo yoonekera m'kati pa nthambi ya mango ya masamba ambiri m'mawa, ndipo pofika masana muona madontho m'jumbomo. Kutaya madziku ndi kumene kumakoka madzi ena kuchokera ku mizu kukwera mpaka kunsonga.

Ndiye pali nkhani ya mchere, imene anthu a kuno saisowa. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe amathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ngati nthunzi basi, mchere n'kutsala, ndipo nyanja ikamaphwa mcherewo umachulukirachulukira. Muzu umamwa chifukwa madzi mwachibadwa amalowera kumene kuli mchere wambiri, ndipo nthawi zambiri m'kati mwa muzu ndi mmene muli wambiri kuposa m'dothi. Dothi likachuluka mchere zinthu zimatembenuka: madzi amatuluka m'muzu, chomera n'kuuma. Zomwezi ndi zimene zimachitika feteleza akathiridwa mogundana ndi tsinde la chimanga chanthete, alimi n'kumati chapsa. Njedza imapirira mchere pang'ono, n'chifukwa chake imafika kumene mbewu zathu sizingafike. Koma mpunga wa pa sikimu ya Likangala umadalira madzi a mumtsinje ochokera ku phiri la Zomba.

Za maluwa n'zosavuta kuonetsa chimanga chikamasula. Ngayaye pamwamba ndi mbali yaimuna yotulutsa mungu, ndevu ndi mbali yaikazi, ndipo ndevu iliyonse yalumikizidwa ku njere imodzi. Ndevu imene mungu sunagwerepo imasiya mpata pa chisononkho. Mphepo ndiyo imanyamula munguwo, choncho chimanga chodzalidwa mzere umodzi wokha m'mbali mwa munda wa mpunga chimatuluka cha njere zapatalipatali. Duwa la mpunga lili ndi mbali zonse ziwiri pamodzi ndipo limadzipatsa lokha mungu, n'chifukwa chake mlimi wa Faya akhoza kusunga mbewu yake chaka ndi chaka osasintha mtundu. Dzungu lokha ndiye limadikira njuchi kuti zichotse mungu pa duwa lalimuna kupita pa lalikazi, lija lili ndi kadzungu kunsi kwake. Mayi wothyola maluwa a dzungu kuti aphatikize mu nkhwani asankhe aamuna, ndipo asiyeko ena.