Za Kuchiza Msana wa Kavalo ndi Bulu Wopwetekedwa ndi Chishalo

Inu eni makomo a ku Thyolo, akavalo ali owerengeka m'dziko muno, pakuti kuchigwa afa ndi nthenda ya kashembe, ndipo m'dzinja iwagwera nthenda ina yodza ndi tizirombo tating'ono toluma madzulo. Koma kuno kumtunda, kumene kunatsegulidwa minda ya tiyi monga wa Satemwa m'chaka cha 1923, munthu akhoza kupatsidwa ntchito yosunga kavalo, ndipo wina ali naye bulu wake wosenza matumba. Mau awa ali a ziweto ziwiri zonsezi.

Dziwani poyamba kuti fupa la msana siliyenera kusenza kanthu. Kulemera kukhale pa minofu iwiri yogona mbali iyi ndi iyo ya fupalo, pamwamba pa nthiti, zimene ziri 18 mbali iri yonse. Chishalo chopitirira nthiti yotsiriza chikhala pachiuno, popanda chochirikiza. Wokwera atakhala, zala ziwiri kapena zitatu zilowe pakati pa chishalo ndi kamtunda ka pamapewa. Zikalephera kulowa, chishalocho chayamba kale kudya nyama.

Chilonda chichedwa kuoneka, koma zizindikiro zifulumira. Mutamasula chishalo penyani thukuta: msana wonse ukanyowa, patatsala malo aang'ono ouma, pamenepo ndipo panapsinjika. M'mawa mwake mudzapeza patatupa ndi kutentha. Chiweto chigoneka makutu, chiphwathika msana mukachikhudza, chifuna kuluma pomanga lamba. Tsono anthu ati chiri ndi mwano, nachikwapula. Inenso pa unyamata wanga, ndiri kuphunzira ulimi kwathu, ndinakalipira kavalo wotere masabata awiri, kufikira nkhalamba yosunga khola inagwira dzanja langa niliika pachotupa. Ubweya woyera womera pambuyo pake suderanso ai.

Mankhwala oposa onse ndiwo kupumula, ndipo ndiwo amene eni ziweto awakana. Pakangotupa khungu losang'ambika, ikanipo nsalu yoviika m'madzi ozizira. Pakasupuka, metani ubweya pozungulira, nimutsuke kawiri pa tsiku ndi madzi owiritsa atazizira, theka la lita lothiramo supuni yaing'ono ya mchere. Musapakepo oilo wa galimoto, kapena ndowe, kapena dothi. M'ndowe ndi m'dothi mukhala tizirombo ta kafumbata, nthenda imene ipha akavalo ndi abulu msanga koposa ng'ombe. Fundikani kansalu koyera kopepuka kuletsa ntchentche zingaikiremo mphutsi. Koma chilonda chikazama pakamtunda paja ndi kutulutsa mafinya, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa mafinyawo atsikira m'kati pakati pa mapewa, nafika pafupa.

Ena apota nkhata, yonga ija amai asenzera mtsuko, naiika pansi pa chishalo kuti chilonda chikhale pabowo. Nzeru iripo, koma ine sindiikonda; m'mphepete mwa nkhata mupsinja, ndipo kawirikawiri chilonda chimodzi chibala chachiwiri.

Khungu litatseka musayese kuti ntchito yatha. Nyama yomva kuwawa iumitsa msana poyenda, ndipo minofu ifota, kotero kuti kuseri kwa mapewa kuoneka maenje. Kuibweza kufuna masabata 6 kapena 8, nthawi zina koposapo. Yambani kutsogolera chiwetocho ndi chingwe, chopanda kanthu pamsana, mphindi 10 pamalo osalala, ndi kuonjeza pang'ono masiku onse. Sabata lachitatu lowani nacho m'zitunda zosatsetsereka kwambiri, zimene kuno sizisowa. Chikwere poyenda, osathamanga, mutu uli pansi, pakuti pokwera motero miyendo yam'mbuyo ikankha ndipo msana unyamuka. Gonekani nsungwi zinai pabwalo kuti chizizilumpha mwapang'onopang'ono. Tenganinso kachidutswa ka karoti, nimukokere nako mlomo wake kunthiti, kumanja ndi kumanzere, ndi pakati pa miyendo yakutsogolo, katatu mbali iri yonse. Udzu muuike pansi, osati m'chodyera chapamwamba, ndi madeya pang'ono ngati chaonda.

Pamenepo yesaninso chishalo, popeza msana wasintha maonekedwe ake. Chikapanda kukhala bwino chikonzedwe, pakuti kuunjika ziguduli pansi pa chishalo chothina kuonjeza kuthinako. Masiku oyamba chiyende nacho chopanda munthu, kenaka katundu wopepuka. M'miyezi ya chiperoni bulangeti la pansi pa chishalo lichedwa kuuma. Khalani nao awiri, ndipo musanayale kutumulani mchenga ndi njere za chisoso. Matumba a bulu alingane kulemera. Limodzi likapepuka musaikemo mwala, koma tapani chimanga m'linzake.