Injini ya maginito yosafuna mafuta? Yezani kaye

Magetsi a Eskom atavuta kwambiri mu 2023, mafoni a Amalawi kuno ku Johannesburg anadzaza ndi timavidiyo ta gudumu lomatidwa maginito, lozungulira lokha n'kuyatsa babu. Akuti silifuna petulo kapena dzuwa. Ine sindikhulupirira, ndipo ndili ndi zifukwa.

Maginito amakoka chitsulo chikamayandikira, koma chikafuna kudutsa amachikokanso m'mbuyo ndi mphamvu yomweyo. Gudumu likazungulira kamodzi, phindu palibe. Kukhulana kwa mabering'i ndi mphepo kumadya mphamvu yomwe dzanja linapereka poyamba, kenako gudumu limaima. Mafani ndi ma drill ena amakhaladi ndi maginito m'kati, koma amadalira magetsi.

Nkhaniyi si yachilendo m'dziko muno. Mike Brady wa ku South Africa anatchuka ndi injini yotere ya kampani yake, Perendev. Anthu analipira, makina ogwira ntchito osawaona, ndipo mu 2010 anamangidwa pa mlandu wachinyengo ku Germany.

Amisiri okonda kuyesa zinthu m'magalaja ndimawayamikira, chifukwa sakangana pakamwa. Amamasula thabwa lapansi la makina otere kufufuza batire lobisika, amatsatira waya uliwonse. Kenako amayeza ndi multimeter ma volt ndi ma amp olowa ndi otuluka, babu lili chiyakire, osati gudumu likungozungulira lopanda katundu. Wogulitsa akakana kuti makina asiyidwe usiku wonse m'chipinda chokhoma, kiyi ali kwa wogula, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.