Mseu wa m'mapiri umene wagawa anthu ku West Virginia

Mlimi aliyense adziwa kuti mbeu ikaolera kumunda cifukwa cosowa mseu, thukuta la caka conse lapita pacabe. Ndiye cifukwa cake nkhani ya mseu wochedwa Corridor H, m'cigawo ca mapiri ca West Virginia ku America, ndi yofunika kuimva.

Mu 1965 boma la America linakhazikitsa lamulo lotukula madera osauka a m'mapiri a Appalachia pomanga miseu ikuluikulu. Corridor H unali umodzi mwa miseuyo. Unakonzedwa kuti uyambire ku Weston, upyole Elkins, Parsons, Davis ndi Moorefield, ukathere pafupi ndi Strasburg m'cigawo ca Virginia. Utali wake upitirira makilomita 200. Papita zaka zoposa 50, koma nchito ikalibe kutha.

Alimi a nkhuku a ku Moorefield ndi anthu odula mitengo anaufuna mseuwu ndi mtima wonse, pakuti malole ao anali kuvutika pa timiseu tokhotakhota ta m'mapiri. Phungu wa cigawoci, Robert Byrd, anamenyera ndalama zake kwa zaka zambiri. Koma ena anakana, nati mseu udzaononga nkhalango ya Monongahela, mitsinje ndi malo a nkhondo yakale monga Corricks Ford. Nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 2000 mbali ziwirizi zinamvana kuti mseu umangidwe cigawo ndi cigawo, njira zina ziunikidwenso. Nako ku Virginia boma linakana kumanga mbali yake mu 1995, kotero onyoza anayamba kuucha mseu wosapita kulikonse.

Mkangano waukulu watsala pakati pa Parsons ndi Davis. Njira imene boma la cigawoci lifuna ipita pakati pa matauni ang'ono awiri, Thomas ndi Davis, ndi mlatho wautali pamwamba pa mtsinje wa North Fork, pafupi ndi cigwa ca Blackwater. Kale matauniwa anali kudalira malasha ndi matabwa, koma tsopano adyera alendo obwera kudzaona mathithi ndi mapiri. Eni masitolo ndi nyumba za alendo aopa kuti mseu ukadutsa pakati pao, kukongola kumene kumaitana alendo kudzatha. Iwo apempha kuti mseu uzungulire kumpoto kwa Thomas. Boma liti kusintha njira kudzacedwetsanso nchito imene yacedwa kale.

Onse afuna mseu, cimene asiyana ndi pamene udzadutsa. Mzere umodzi wolembedwa pa mapu mu ofesi ndi umene umasankha munda umene udzatengedwa, sitolo imene idzapeza makasitomala ndi mudzi umene udzasiyidwa kumbali. Nthawi yolankhula ndi pamene mzerewo ukali pa pepala, cifukwa phula likathiridwa palibenso womva dandaulo.