Madzi Oundana Akuulula Mbiri ya Nyengo

Kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi kuli dera lalikulu lotchedwa Antarctica. Kumeneko kulibe midzi, kulibe minda, ngakhale mtengo umodzi. Pafupifupi nthaka yonse inakutidwa ndi madzi oundana, amene ambiri amati ayezi, ndipo m'malo ena kuchindikala kwake kumapitirira makilomita 4.

M'kati mwa deralo simugwa mvula, mumagwa chipale chofewa. Cha chaka chino chimagwera pa cha chaka chatha osasungunuka, ndipo chapansi chimapanikizika mpaka kulimba ngati mwala. Aliyense amene anakumbapo chitsime akudziwa mmene dothi limasanjikizirana. Ayezi nayenso ndi chimodzimodzi: wapamwamba ndi watsopano, wapansi ndi wamakedzana.

Akatswiri amaboola ayeziyo ndi makina n'kutulutsa zidutswa zazitali, zonenepa ngati munsi. M'zidutswamo muli tithovu ta mpweya umene unatsekeredwa kalekale. Mu 1965 katswiri wa ku France, Claude Lorius, anaponya kachidutswa ka ayezi wakale m'tambula ya mowa wake. Ataona tithovu tikuphulika, anaganiza kuti mpweya wotulukawo ungathe kupimidwa kuti anthu adziwe mmene mlengalenga munalili kale.

Ganizoli linabala zipatso. Pamalo a anthu a ku Russia otchedwa Vostok, akatswiri anaboola mamita 3,623 pofika mu 1998, ndipo anawerenga nyengo ya zaka 420,000. Ku Dome C, akatswiri a ku Ulaya anafika pa ayezi wa zaka 800,000 mu 2004. Mu 2025 anatulutsanso wina wa zaka zoposa 1 miliyoni.

Kodi anapeza chiyani? Anapeza kuti kutentha kwa dziko ndi mpweya wa carbon dioxide zimayendera limodzi. Mpweyawu ukachuluka dziko limakhala lotentha, ukachepa limakhala lozizira. Pa zaka 800,000 zonsezo sunapitirire magawo 300 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wam'mlengalenga. Lero wadutsa magawo 420, makamaka chifukwa chowotcha malasha a pansi pa nthaka, petulo ndi dizilo, komanso kutha kwa nkhalango.

Umboni wina unachokera kumpoto, pa chilumba cha Greenland, chimenenso chili ndi ayezi wochindikala. Mu 1966 anthu a ku America anaboola pamalo otchedwa Camp Century mpaka kugunda dothi, patadutsa mamita oposa 1,300. Dothilo linasungidwa zaka zambiri, ndipo atalipimanso anapezamo timasamba ndi tinthambi. Mu 2023 akatswiri analengeza kuti zaka pafupifupi 400,000 zapitazo pamalopo panalibe ayezi, panali zomera. Ndiye kuti ayezi amene anasungunukapo kale angathe kusungunukanso dziko likatentha.

Mwina wina angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Angónia kapena ku Tsangano, kumapiri kutali ndi nyanja. Ayezi wapamtunda akasungunuka, madzi ake amathera m'nyanja yamchere. Wa ku Greenland yekha atatha yense, nyanja ingakwere mamita 7. Zimenezo zingatenge zaka mazanamazana, koma kukwerako kunayamba kale. Mizinda ya Beira ndi Quelimane ili m'zigwa, ndipo namondwe Idai anasonyeza mu 2019 mmene madzi angaonongere Beira. Pa doko lomwelo ndi pamene pamadzera feteleza ndi mafuta ambiri obwera kumtunda kuno.

Choncho mukamva pa wailesi za ayezi wa ku Antarctica kapena ku Greenland, musatseke. Nkhaniyo ndi yanunso.