Chilembo chimodzi pa tikiti yanu

Mwezi watha bambo wina wogwira ntchito ku bungwe loona za umoyo analowa mu ofesi yathu kuno ku Lilongwe atanyamula tikiti yopita ku Washington. Atakhala pansi anayang'ana uku ndi uku, kenako anandifunsa motsitsa mawu: "Mayi, anzanga akuti ukavala suti n'kukalankhula mwaulemu pa kauntala, amakuchotsa kumbuyo n'kukakukhazika ku business class. N'zoona zimenezi? Suti ndagula kale."

Ndagulitsa matikiti a ndege kwa zaka zambiri, ndipo funso limeneli ndalimva kosawerengeka. Ndimalimvetsa. Ulendo umene bamboyu ankaudera nkhawa ndi wotopetsadi. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu kukafika ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi anayi. Kumeneko umadikira mpaka usiku, kenako umakhala mu ndege ina maola oposa 15, ndipo ndegeyo imatera kaye panjira kuti imwe mafuta. Imatero chifukwa bwalo la Bole lili pamtunda wa mamita oposa 2,300. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, moti ndege yodzaza anthu ndi katundu singanyamuke ndi mafuta okwanira ulendo wonsewo. Munthu wa zaka zopitirira 50, wa msana wovuta, amene akuyenera kukayankhula pamsonkhano m'mawa wake, sakulakalaka vinyo wa kutsogolo. Akufuna kugona basi.

Ndinatenga tikiti yawo n'kuloza chilembo chimodzi chimene chinali pafupi ndi nambala ya ndege. Ndinawauza kuti nkhani yawo yonse yagona pamenepo, ndipo inagamulidwa tsiku limene a ku ofesi kwawo analipira tikitiyo.

Inu mukalowa mu ndege mumaona zigawo ziwiri kapena zitatu zolekanitsidwa ndi katani. Ife pa kompyuta timaona zilembo zambirimbiri. Mu economy mokhamo mumakhala zilembo zoposa khumi, chilichonse ndi mtengo wake ndi malamulo ake. Kawirikawiri Y ndiye economy ya mtengo wathunthu, J ndi C ndi za business class, F ndi ya first class, ndipo zilembo zotchipa zimasiyana malinga ndi kampani. Anthu awiri akhoza kukhala moyandikana, kudya nkhuku ndi mpunga womwewo, kufunda bulangeti lofanana, koma wina analipira kawiri kuposa mnzake. Wolipira zambiriyo sanaberedwe. Anagula ufulu: wosintha tsiku popanda chindapusa chachikulu, wobwezeredwa ndalama ulendo ukalephereka, wopata ma miles (mapointi amene wokwera ndege amasonkhanitsa) ochuluka, komanso wokwezedwa kalasi. Wa chilembo chotchipitsitsa anagula mpando wokha.

Amene amatsegula ndi kutseka zilembozi si mtsikana wa pa kauntala. Ndi makompyuta a ku likulu la kampani pamodzi ndi akatswiri owerengera malonda, amene amayang'ana mmene ndegeyo inadzazira nyengo ngati yomweyo chaka chatha ndi mmene matikiti akuyendera lero. Ndimakonda kuwafanizira ndi amayi ogulitsa tomato pa Lizulu. Mpando wa ndege susungika. Chitseko chikangotsekedwa, mpando wopanda munthu wawola, sudzagulitsidwanso. Ndiye dzuwa likamapendeka mtengo ukhoza kutsika. Koma mayi wochenjera sagawa tomato waulere madzulo aliwonse, chifukwa akatero mawa lake palibe adzagule m'mawa, aliyense adzadikira madzulo. Makampani a ndege nawo amalolera kuti mpando wakutsogolo uuluke wopanda munthu kusiyana n'kuti anthu azolowere kuupeza mwaulere.

Kukwezedwa kwaulere kulipo ndithu, koma chimayambitsa si chifundo. Makampani amagulitsa matikiti ochuluka kuposa mipando podziwa kuti ena sabwera. Tsiku limene onse abwera, economy imasefukira, ndipo ngati kutsogolo kuli malo, anthu ena amasunthidwa kuti ndege inyamuke ndi onse. Kompyuta ndi imene imatulutsa mndandanda. Pamwamba pamakhala amene ali ndi khadi la golide kapena loposa apo la kampaniyo, kenako a chilembo chodula, kenako ena onse. Wa pa geti nthawi zambiri amangotsatira zimene waona pa sikirini, ndipo akakweza munthu mopanda chifukwa amakafunsidwa. Choncho musamukakamize, ndipo chonde musayese kumupatsa kenakake m'manja. Mukhoza kumuchotsetsa ntchito mwana wa eni.

Chimene chimandipweteka mtima pa ntchito yanga ndi ichi. Ndimakumana ndi anthu amene ayenda maulendo a kuntchito zaka khumi, Geneva, Nairobi, New York, Beijing, koma alibe nambala ya ma miles. Kulembetsa n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi zochepa pa foni. Ethiopian Airlines ili ndi ShebaMiles, ndipo kuyambira 2011 ili m'gulu la Star Alliance, kutanthauza kuti mukakwera Lufthansa, United kapena Turkish Airlines mukhoza kuponya ma miles anu m'thumba lomwelo. Kenya Airways ili m'gulu la SkyTeam pamodzi ndi KLM ndi Air France, ndipo pulogalamu yake ndi Asante Rewards. Sankhani gulu limodzi limene mumakwera kawirikawiri, perekani nambala yanu kwa amene amakudulirani matikiti, ndipo muzionetsetsa kuti yalembedwa pa boarding pass. Ma miles amalembedwa m'dzina la wokwera, osati la wolipira, ngakhale kuti mabungwe ena ali ndi malamulo awo pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndiye ndi bwino kufunsa. Kugawa ma miles m'makampani anayi kuli ngati kulima timinda tinayi tosakwanira ndi thumba limodzi lomwe. Ndipo ma miles ogwiritsidwa ntchito pokweza kalasi pa ulendo wautali wa usiku amapindula kwambiri kuposa kuwawonongera pa kaulendo ka ola limodzi.

Njira imene yafala masiku ano ndi ya malonda opikisana. Patatsala masiku ochepa kuti munyamuke mumalandira imelo yokuuzani kuti mutchule ndalama imene mungawonjezere kuti mukhale kutsogolo. Mumatchula, mumalemba nambala ya khadi la ku banki, n'kudikira. Mukapambana amadula ndalamayo, mukalephera sadula kanthu. Nthawi zina mtengo wokhazikika umaoneka pochita check-in pa intaneti kapena pa kauntala pomwepo, ndipo pamenepo kufunsa kuti "Kodi lero kukweza kalasi n'zingati?" ndi funso labwinobwino, palibe chamanyazi. Apa ndi pamene tomato uja amatsika mtengo. Koma pali misampha imene ndaona ikugwira anthu ozindikira.

Woyamba ndi wakuti mtengowo ndi wa chigawo chimodzi cha ulendo, osati ulendo wonse. Mayi wina analipira mokondwa poganiza kuti wagula bedi mpaka ku Ulaya, koma anali atakweza chigawo cha masana chochokera kuno, mu ndege yaing'ono ya mtundu wa Boeing 737, mmene business class ndi mpando wotakasuka chabe wopendekera kumbuyo pang'ono. Usiku wonse wotsatirawo anauthera kumbuyo. Bedi lenileni, loti munthu n'kutambasula miyendo, limapezeka mu ndege zikuluzikulu ngati Boeing 787, Boeing 777 ndi Airbus A350, ndipo ngakhale mmenemo mipando imasiyana, ina siigona kwenikweni. British Airways ndi imene inayambitsa mabedi oterewa mu business class m'chaka cha 2000, ndipo kuyambira pamenepo chimene munthu amagula kutsogolo kwenikweni ndi tulo. Funsani mtundu wa ndege musanalipire. Ngati muli ndi ndalama ya chigawo chimodzi chokha, ikani pa chigawo cha usiku cha ulendo wopita, pamene mukuyembekezeka kukagwira ntchito mukangotera. Pobwerera mukagona kwanu.

Msampha wina: kukwezedwa mwanjira imeneyi sikusintha chilembo chanu choyamba pa zinthu zonse. Makampani ambiri amakupatsanibe ma miles a economy, malamulo osinthira tsiku amakhala akale omwe, ndipo ena sawonjezera katundu. Musafike ndi zikwama za makilogalamu 32 poganiza kuti tsopano ndinu a kutsogolo pamene tikiti ikunena 23. Werengani imeloyo mpaka pansi. Ngati tikiti munagula ku kampani ina koma ndege yake ndi ya kampani ina, kapena ngati ndi tikiti ya gulu, imeloyo mwina sibwera n'komwe. Ndipo ponyamuka ku London dziwani kuti boma la Britain limadula msonkho wa okwera ndege wokwera kwambiri kwa amene sali m'kalasi yotsikitsitsa, choncho ngakhale mukweze ndi ma miles, pamakhala ndalama yoti mulipire.

Zonsezi zimalipiridwa m'madola kapena ndalama ina yakunja. Kwa ife amene malipiro athu ndi makwacha, makamaka chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene Mzungu angaione ngati yochepa ndi fizi ya mwana ya teremu yathunthu. Onaninso ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja ndalama yochuluka chotero. Ndaonapo munthu atapambana malonda aja koma banki n'kukana kudula, mpando n'kupita kwa wina.

Tsopano nkhani ya ndalama za eni, imene pa ulendo wa kuntchito ndiyo yaikulu. Mabungwe akuluakulu anaika malire poyera. Malamulo a United Nations a 2013 analola business class kwa ogwira ntchito ake ngati ulendo wosaima uli wa maola 9 kapena kuposa, kapena maola 11 ngati uli woima panjira. Boma la United States limayamba kuganizira zimenezi ulendo ukapitirira maola 14. Mabungwe athu ambiri, amene amayendera ndalama za opereka thandizo kapena za misonkho, amangoti economy basi, ndipo ine sindiwadzudzula. Tikiti ya business class imatha kudula katatu kapena kanayi kuposa ya economy, ndipo kusiyana kumeneko ndi mankhwala kapena mjigo kwinakwake. Ndakanapo kulemba invoisi yobisa kalasi ya tikiti, ndipo ndidzakanabe. Munthu akafuna kudzikweza ndi ndalama zake, njira yoyera ilipo: auze a ku akaunti tikiti isanadulidwe, apemphe kuti agule chilembo chololeza kukwezedwa, iye alipire kusiyanako, ndipo ife timatulutsa marisiti awiri. Tikiti ikadulidwa kale pa chilembo chotsikitsitsa, kuikonza kumadula kwambiri.

Koma ndilinso ndi mawu kwa mabwana. Kutumiza munthu ulendo wa tsiku lathunthu atapinda miyendo, n'kumuyembekezera kuti akateteze pempho la ndalama za bungwe patangopita maola atatu chiterereni, n'kusawerengera bwino. Ngati business class siingatheke, muloleni afike kutatsala tsiku limodzi. Usiku umodzi ku hotela ndi alawansi yake n'zotchipa kutali kuposa bedi la mu ndege, ndipo munthu amalowa mu msonkhano mutu uli m'malo mwake. Ili ndi pempho limene a ku akaunti ambiri amavomera likaperekedwa ndi manambala ake.

Pakati pa economy ndi business class pali premium economy, imene British Airways ndi Virgin Atlantic ali nayo pa ulendo wa maola pafupifupi 11 wochoka ku Johannesburg kupita ku London. Mpata wa miyendo umachoka pa masentimita pafupifupi 80 kufika pafupifupi 97. Si bedi, koma kwa munthu wamtali ndi mpumulo weniweni. Ndege zambiri zimene timakwera kuchokera kuno zili ndi makalasi awiri okha, ndiye chotsala ndi kulipira pang'ono mpando wa pa khomo la ngozi kapena kusankha msanga wa m'mbali mwa kanjira. Wa kanjirawo ndimaulimbikitsa pa chifukwa cha umoyo. Bungwe la World Health Organization linapeza mu 2007 kuti kukhala malo amodzi paulendo maola anayi kapena kuposa kumachulukitsa pafupifupi kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ngakhale kuti kwa munthu wabwinobwino chiopsezocho n'chochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu 6,000. Kudzuka n'kuyendayenda ndi kumwa madzi kumafunika ngakhale kutsogolo. Amene anachitidwa opaleshoni posachedwa, amayi oyembekezera, ndi amene anadwalapo matendawa aonane kaye ndi dokotala, ndipo kalata ya dokotala ndi chifukwa chimene mabungwe ambiri amachilemekeza popereka kalasi yapamwamba.

Chilembo cha bambo aja chinali chotsikitsitsa, chosalola kukwezedwa ndi ma miles, ndipo ma miles omwewo analibe. Tinaimbira limodzi ku ofesi kwawo. Ndinawerengera mayi wa ku akaunti mtengo wosinthira tsiku pamodzi ndi usiku umodzi ku hotela, ndipo madzulo omwewo anavomera kuti bamboyo anyamuke Loweruka m'malo mwa Lamlungu. Tinawasankhira mpando wa m'mbali mwa kanjira pa zigawo zonse, tinawalembetsa ShebaMiles ali pomwepo, ndipo ndinawauza kuti imelo ya malonda ikabwera andiimbire tione kaye ngati ndi ya chigawo cha usiku. Atafika pakhomo anatembenuka n'kufunsa za suti ija. Ndinawauza kuti aipinde bwino aike m'chikwama cha m'manja kuti akaivale Lolemba, ndipo mu ndege avale zomasuka ndi nsapato zosathina, chifukwa mapazi amatupa.