Thanki yatsopano ya nsomba: njira zofulumizitsa kukhwima kwa madzi popanda kupha nsomba

M'nyengo yozizira yapitayi, banja lina lachimalawi lokhala nafe kuno ku Belgrave linagulira mwana wawo thanki ya nsomba. Loweruka m'mawa anathiramo madzi, masana anakagula mbuna zisanu ndi chimodzi, madzulo anatiitana kuti tikaone. Madzi anali mbee, nsomba zikuthamangitsana m'miyala, ndipo bambo a mwanayo ankafotokoza za kwawo ku Mangochi. Pasanathe masabata awiri, nsomba zinayi zinali zitafa. Makolo anaganiza kuti anawagulitsa nsomba zodwala, mwana anaganiza kuti walakwa ndi iyeyo. Zoona zake n'zakuti nsombazo zinafa ndi zonyansa zotuluka m'matupi mwawo momwe, chifukwa thankiyo inali isanakhwime.

Ambiri a ife timakopeka ndi mbuna tikaziona m'masitolo a ku UK, pajatu ndi nsomba za kwathu. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, inalowa m'ndandanda wa malo osungidwa a UNESCO mu 1984. Kuika mbuna pabalaza ndi njira yabwino yosonyezera ana obadwira kuno chuma cha kwawo. Koma thanki si nyanja. M'nyanja zonyansa za nsomba zimasowera m'madzi ochuluka, pomwe m'thanki ya malita 200 zimangozungulira momwemo.

Kukhwima kwa thanki n'kutani?

Nsomba ikadya, imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake komanso m'ndowe. Chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya. Amoniyayu ndi poizoni: amawotcha makha, nsomba n'kumavutika kupuma.

M'thanki yakale muli mabakiteriya amene amadya amoniya n'kumusandutsa nitrite. Nayenso nitrite ndi poizoni, chifukwa amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya wabwino. Ndiye mumaona nsomba ikupuma movutikira pamwamba pa madzi ngakhale mpweya m'madzimo ulipo. Gulu lachiwiri la mabakiteriya limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene sapweteka nsomba msanga ndipo timamuchepetsa posintha madzi mlungu ndi mlungu.

Ana a ku sekondale adzaizindikira nkhaniyi, chifukwa ndi gawo la kayendedwe ka nayitirojeni komwe amaphunzira m'kalasi ya sayansi. Katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, ndi amene anafotokoza za mabakiteriya oterewa cha m'ma 1890. Kwa zaka zambiri mabuku ankati ntchito yachiwiri ija imagwiridwa ndi Nitrobacter, koma kafukufuku wa Timothy Hovanec ndi anzake wa mu 1998 anasonyeza kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ndi Nitrospira amene amagwira kwambiri ntchitoyi.

Vuto ndi loti mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono. Mabakiteriya ena amawirikiza chiwerengero chawo m'mphindi 20 zokha, koma awa amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kupitirira. Choncho thanki yatsopano yosiyidwa kuti ikhwime yokha imatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, mwinanso kupitirira. Mfundo ina yofunika: mabakiteriyawa sakhala m'madzi ayi. Amamatirira pa siponji ya mu fyuluta, pa timiyala ndi pa mchenga. Tikamati thanki yakhwima, kwenikweni tikunena kuti fyuluta yake ili ndi mabakiteriya okwanira.

Madzi a kuno ndi mbuna

Madzi a m'mipope ya ku Leicester amachokera ku kampani ya Severn Trent, ndipo monga madzi onse a m'mipope ku UK, amathiridwa mankhwala ophera tizilombo. Klorini amene amatiteteza ife ndi yemweyo amene amapha mabakiteriya a mu fyuluta. Madzi alionse olowa m'thanki, kuyambira tsiku loyamba, muziwathira mankhwala ochotsa klorini. Gulani amene alembedwa kuti amachotsa chlorine ndi chloramine yemwe, chifukwa chloramine sachoka ngakhale madzi atagona m'ndowa. Pa webusaiti ya Severn Trent mukhoza kulemba postcode yanu n'kuona mmene madzi a dera lanu alili.

Mbuna zimakonda madzi a pH yokwera, pakati pa 7.5 ndi 8.5, monga a kunyanja kwathu. Apa ndi pamene pali msampha. PH ikakwera, gawo lalikulu la amoniya limakhala mu mtundu umene umapweteka kwambiri nsomba. Mlingo wa amoniya umene nsomba ina ingaupirire pa pH 6.5 ukhoza kupha mbuna pa pH 8.2. Anthu amati mbuna ndi nsomba zolimba, ndipo n'zoona, koma kulimbako si chifukwa choziikira m'thanki yaiwisi.

Poyambira: kudyetsa mabakiteriya nsomba zisanabwere

Thanki yongodzazidwa madzi n'kusiyidwa mwezi wathunthu siikhwima, chifukwa mabakiteriya alibe chakudya. Muyenera kuikamo amoniya nokha. Njira yosavuta ndi kugula kabotolo ka ammonium chloride kopangidwira mathanki a nsomba. Amoniya wotsukira m'nyumba amathekanso ngati mulibe sopo kapena zonunkhiritsa, koma asungidwe patali ndi ana. Ena amangoponyamo chakudya cha nsomba kuti chiwole. Zimagwira ntchito, koma zimachedwa ndipo mlingo wake ndi wovuta kuudziwa.

Mufunikanso zoyezera madzi. Zamadontho, monga API Freshwater Master Test Kit, zimapereka zotsatira zodalirika kuposa timapepala toviika. Mwana akhale ndi kope lolembamo tsiku ndi zotsatira.

Yatsani fyuluta ndi hita, thirani amoniya mpaka muyeso ufike mamiligalamu 2 pa lita, zomwe pa tchati cha zoyezera zimalembedwa 2 ppm. Yezani tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku limodzi. Poyamba simudzaona kusintha. Kenako amoniya ayamba kutsika, nitrite ayamba kukwera. Amoniya akayandikira ziro, onjezerani wina. Pomaliza nitrite naye atsika, nitrate n'kuyamba kuchuluka.

Kukapala moto kwa mnansi

Kumudzi, moto ukazima usiku, sitinkayamba kupeka wina. Mwana ankatumidwa ndi phale kukapala moto kwa mnansi. Njira yachangu kuposa zonse yokhwimitsira thanki ndi yomweyo: pezani siponji kapena timiyala ta mu fyuluta ya thanki imene yakhala ikugwira ntchito kwa miyezi ingapo, muziike mu fyuluta yanu yatsopano. Mabakiteriya amabwera ali ambiri kale, ndipo ntchito ya masabata asanu ikhoza kutha m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Pali zoyenera kusamala. Funsani mwini thankiyo ngati nsomba zake sizinadwale posachedwa, chifukwa matenda amayenda limodzi ndi siponji. Musatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zamu fyuluta yake, kuopa kusiya nsomba zake pangozi. Nyamulani siponjiyo m'pulasitiki muli madzi a m'thanki yomweyo, ndipo muiike mu fyuluta yanu tsiku lomwelo isanaume kapena kuzizira. Ngati mnzanu alibe choti akupatseni, mupempheni kuti siponji yanu yatsopano ikhale mu fyuluta yake kwa masabata atatu kapena anayi pamene inu mukukonza zina.

Madzi okha a m'thanki yakale sathandiza kwenikweni, poti mabakiteriya ali pa zinthu, osati m'madzi. Musakatungenso matope kapena miyala mu mtsinje wa Soar kapena padziwe la ku Abbey Park: mudzabweretsa tizilombo ndi matenda amene simungathe kuwachotsa.

Mabakiteriya a m'botolo

Amene alibe mnansi woti akapaleko moto akhoza kugula mabakiteriya a m'botolo, monga Tetra SafeStart kapena Dr Tim's One and Only. Ndi zamoyo, choncho botolo lomwe linaundana ndi kuzizira, linatenthedwa, kapena lapitirira tsiku lake, silingakuthandizeni. Likakhala labwino limachepetsa masiku odikira. Koma musakhulupirire malonjezo a palebulo okha: chimene chingakuuzeni kuti thanki yakhwima ndi zoyezera zanu.

Zing'onozing'ono zimene zimafulumizitsa

Kutentha ndi koyamba. Mabakiteriyawa amaswana msanga m'madzi ofunda, choncho pamene mulibe nsomba ikani hita pa madigiri 28. Nyumba zambiri zakale za ku Belgrave zimazizira usiku, ndipo thanki yopanda hita m'mwezi wa January imachedwa kwambiri. Nsomba zikatsala pang'ono kubwera, tsitsani kufika pa madigiri 25 kapena 26.

Chachiwiri ndi mpweya. Mabakiteriyawa amafuna okosijeni wambiri. Lozetsani potulukira madzi a fyuluta pamwamba kuti madzi azigwedezeka, kapena ikani kampope ka mpweya. Fyuluta isazimitsidwe usiku pofuna kusunga magetsi: madzi akaima kwa maola ambiri, mabakiteriya amayamba kufa.

Chachitatu, musachulutse amoniya poganiza kuti chakudya chambiri chifulumizitsa zinthu. Akapitirira 5 ppm, kapena nitrite akakwera kuposa pamene tchati chimathera, ntchito imachedwa. Zikatero sinthani theka la madzi.

Chachinayi, yang'anirani pH. Ntchito ya mabakiteriyawa imatulutsa asidi, ndipo pH ikatsika kufika cha pa 6 amangotsala pang'ono kuima. Kusintha madzi kumakonza vutoli. Mchenga wa korali, umene ambiri amaika m'thanki ya mbuna, umathandizanso kuti pH isagwe.

Chachisanu, musatsuke fyuluta nthawi imeneyi, ndipo musathiremo mankhwala a matenda a nsomba.

Tidziwa bwanji kuti yakhwima?

Thirani amoniya kufika 2 ppm, dikirani maola 24, yezani. Ngati amoniya ali pa ziro, nitrite ali pa ziro, ndipo nitrate wakwera, bwerezani kawiri kapena katatu. Zikatuluka chimodzimodzi, thanki yakonzeka. Yezaninso madzi a pampope paokha, chifukwa nawonso amakhala ndi nitrate. Malamulo a kuno amalola mpaka mamiligalamu 50 pa lita. Mukapanda kutero mukhoza kuganiza kuti mabakiteriya agwira ntchito pomwe nitrate wachokera kumpope.

Kenako sinthani madzi ambiri, oposa theka, kuti nitrate atsike, ndipo bweretsani nsomba tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mukachedwa, pitirizani kuthira amoniya pang'ono kuti mabakiteriya asafe ndi njala. Ubwino wa njira iyi kwa oweta mbuna ndi woti mukhoza kuika gulu la nsomba zing'onozing'ono nthawi imodzi. Mbuna zimalimbirana malo, ndipo yobwera yokha mochedwa imazunzidwa ndi zimene zinakhazikika kale.

Ngati nsomba mwagula kale

Mwina mukuwerenga izi nsomba zili kale m'thanki yatsopano. Musathiremo amoniya, nsombazo zikutulutsa kale. Yezani madzi tsiku lililonse. Amoniya kapena nitrite akafika 0.5 ppm, sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu kapena theka la madzi, pogwiritsa ntchito madzi ochotsedwa klorini ndi ofunda mofanana. Dyetsani pang'ono, kamodzi patsiku kapena modumphitsa tsiku. Musaonjezere nsomba zina, ndipo funani siponji yakale mwamsanga. Umu ndi mmene nsomba ziwiri zotsala za banja lija zinapulumukira.

Musanapite kusitolo

Mbuna zimafuna thanki yaikulu, ya malita 200 kapena kuposa, yotalika pafupifupi masentimita 120, yokhala ndi miyala yambiri yobisalamo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki yotere pamodzi ndi galasi ndi miyala imapitirira makilogalamu 250. Ngati mukuchita lendi, funsani kaye eni nyumba. Oyamba kumene angayambe ndi Labidochromis caeruleus, kansomba kachikasu kochokera cha ku Nkhata Bay, kamene n'kofatsako poyerekeza ndi mbuna zina. Thanki ikakhala yaing'ono, ma guppy kapena ma platy ndiwo oyenera.

Dziwaninso kuti lamulo la Animal Welfare Act 2006 limateteza nsomba zoweta monga ziweto zina, ndipo limaletsa kugulitsa chiweto kwa mwana wosakwana zaka 16. Udindo ndi wa makolo. Mukatopa nazo, kuzitaya mu mtsinje wa Soar kapena m'ngalande ndi mlandu; zibwezeni kusitolo kapena zipatseni woweta wina.

Thanki ikayamba kuyenda bwino, siponji muziitsukira m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampope, ndipo musasinthe zamu fyuluta zonse nthawi imodzi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa banja lija tsopano ali ndi kope lodzaza manambala, ndipo amatha kufotokozera bambo ake kusiyana kwa nitrite ndi nitrate. Mwezi watha banja lina la ku Rushey Mead linagula thanki, ndipo iyeyo ndi amene anawatengera siponji m'pulasitiki. Nsomba zawo anakagula patatha masiku 12, ndipo zonse zili moyo.